Matayala a Alamu

Mwana wanga ali ndi mphumu. Ndiyambire pamenepo, chifukwa zina zonse zikutuluka m'kachifuwa kameneko. Nyengo ya fumbi ikafika, kapena anthu akayamba kutentha tchire, kamtsikana kanga kamapuma molira ngati chitseko cha malata, ndipo mankhwala opopera m'kamwa akakanika timayenera kuthamangira kuchipatala cha ku boma. Kuchokera kuno kwa Mwadzama si mtunda woti munthu n'kuyenda pansi mwana ali kumbuyo. Pamafunika galimoto, ndipo pabanja pano galimoto ndi imodzi, ya alamu anga, akulu awo a amuna anga.

Ndinabwera kuno chitengwa. Amuna anga amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndipo amabwera mwa apo ndi apo, choncho masiku ambiri pakhomo timakhala ine, mwana, apongozi aakazi, ndi banja la alamu kuseri kwa mpanda. Ndili ndi satifiketi ya kaphunzitsidwe ka ana a mkaka. Ili m'sutikesi, pansi pa zitenje. Pano imatchulidwa pokhapokha wina akafuna kundiseka, ndipo amene ankaitchula kwambiri ndi alamu. Ine ndi iwo tinkanyozana monga chilamu chimalolera. Iwo ankandiitana kuti mkazi wanga wa ku koleji, ine n'kuwayankha kuti amuna anga a mimba ya ng'oma, anthu n'kumafa nazo. Ndinkazikonda zimenezi, ndisaname. Mkazi wa chitengwa alibe anthu ambiri oti n'kuwayankha mmene akufunira.

Galimotoyo anachita kuitanitsa kunja pa intaneti, yoti ena anayendapo kale, n'kukaitenga okha kuboda. Ndi ija yaifupi koma yaitali kupita m'mwamba, ngati kabati yoikidwa pa mawilo. Tsiku limene inafika anthu sanatame mipando kapena wailesi. Anatama matayala. Anali akuda bii, mizere yake yakuya yoti chala n'kulowa mpaka pamfundo, ndipo pamwamba ponse panali timizere tina ting'onoting'ono ngati mphini. M'mbali munali kachithunzi ka phiri, m'kati mwa phirimo muli kanyenyezi. Alamu ankaloza kanyenyeziko n'kumati ndicho chidindo cha orijino, osati zipara zotha mizere zimene anzawo amayendera.

Mbiri ya matayalawo inapita patali kuposa galimoto yomwe. Anzawo a matola okhala ndi galimoto za mtundu womwewo, likafika tsiku lokapimitsa kuti apatsidwe chiphaso choyendera pamsewu, ankabwera kudzabwereka. Ankawamanga m'mawa pansi pa mtengo wa mango pathu pomwepa, kupita kukaonetsa, madzulo n'kudzabweza, n'kubwezeretsa zipara zawo. Ine ndinkawatungira madzi osamba m'manja. Alamu ankati matayala awo akhoza mayeso ambiri kuposa ine, ndipo ndinkaseka nawo, poti zinali zoona.

Tsiku la ngozi tinkachokera kuchipatala. Inali nyengo ija mvula isanagwe, masana, phula likunyezimira kutsogolo ngati lathiridwa madzi. Mwana anali atamufukiza mankhwala ndipo anagona pamiyendo panga, pampando wapakati. Alamu sakanabwerera opanda anthu, ndiye tinaima padepoti mpaka galimoto inadzaza, kenako inadzazanso. Pamwamba anamangapo matumba a mpunga. Pafupi ndi windo panakhala mayi wina wa geni ya usipa, chidebe chake chili pakati pa miyendo. Lamba wa pampando ndinkaumva ukundikanda kumatako, tinali titaukhalira.

Kuphulika kumene anthu amakamba ine sindinakumve. Ndinamva ngati wina wamenya chitseko ndi mpini, kenako kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuvina kokha. Msewu wathuwu m'mbali munadyeka kalekale, phula limangothera m'malere n'kusiya chidikha. Wilo litangotsikira pamenepo, dziko linatembenuka. Ndikukumbuka usipa m'kamwa mwanga, chigongono cha munthu pakhosi panga, ndiponso kuti miyendo yanga inapepuka. Mwana sanalinso pamenepo.

Tinakaima m'munda wa chinangwa, mawilo ali m'mwamba. Mwana ndinamupeza padenga, limene tsopano linali pansi, atapanikizika pakati pa chidebe ndi chikwama cha munthu, ali chete, maso ali tong'o. Analira nditamukoka, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Anang'ambika pamwamba pa khutu. Mayi wa usipa uja mkono wake unali kunja kwa windo pamene galimoto inkagubuduka. Mmene unkaonekera sindifotokoza. Anthu anathamanga kuchokera m'midzi, ndipo ena anatithandiza ndithu, anatisolola mmodzimmodzi. Koma ena anafika ataimika kale mafoni. Bambo wina anandijambula ndili chigwadire, chitenje chitavuka, magazi a mwana ali pabulauzi. Amayi ena ankawola mpunga m'mizere ya chinangwa n'kumathira m'mipango, akukanganirana malo amene unatayikira wambiri. Mayi wovulalayo anagona chapafupi, akuwayang'ana.

Palibe anamwalira, ndipo mawu amenewa ndiwo anatseka nkhani yonse. Apongozi anakonza sadaka yothokoza. Anapha mbuzi, ashehe anabwera kudzapanga dua, ndipo aliyense wolowa pampanda ankagwira mwana wanga pamutu, pafupi ndi ulusi wa kuchipatala, ndi manja a mafuta a nyama, n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Zimenezo ndimakhulupirira. Koma ndinakhala pamkeka ndikumvetsera mmene anthu ankagawira ngoziyo. Ena anaipereka kwa Mulungu, ena kwa msewu, ena motsitsa mawu kwa munthu wanjiru amene sanakondwe kuti pakhomo pano pabwera galimoto. Tayala limene linaphulika silinatchulidwe. Linali litapita kale. Wosoka nsapato wa pamsika analidula n'kupangira nkhwayira, chotsala asodzi anakachimangirira kumphuno kwa boti.

Mayi wa usipa pasadakapo panalibe, anali adakali m'wodi. Ndinakamuona tsiku limene tinapita kukachotsetsa ulusi. Mkono anaudula pamwamba pa chigongono. Anandiuza mosadandaula, ngati akukamba mtengo wa mchere, kuti alamu anabwera ndi botolo la zakumwa n'kumupempha kuti akafunsidwa azinena kuti ndi wachibale amene anangopatsidwa lifiti, chifukwa mapepala a galimoto sanali onyamulira anthu. Anavomera. Anati munthu sungakangane ndi galimoto imene udzaifunenso mawa. Kenako anafunsa za mwana, n'kumusisita patsaya ndi dzanja lotsalalo. Ndinabereka mwana n'kutuluka m'wodimo.

Galimoto inapita kwa owongola. Inabwerako denga litamenyedwa ndi hamala, lili tizigwatizigwa ngati sefuliya yakale, galasi lakutsogolo lili la galimoto ina. Pamalo pa tayala lophulika anaikapo la sipeya. Atatu enawo anali omwe aja, kanyenyezi kali pomwepo.

Ine chilichonse chozungulira chinayamba kundichititsa nseru, ngakhale mwana akamagubuduza chivindikiro cha ndowa pabwalo. Ndinkamudzutsa ali mtulo kuti ndione ngati maso ake akuyenda bwino. Lachisanu lina amuna onse atapita kumzikiti, ndinanjuta pambali pa galimoto, ndinajambula kachithunzi kaja n'kukafufuza pafoni. Si nyenyezi. Ndi chizindikiro cha sinowo, chipale chofewa chija. Matayala amenewa amapangira maiko ozizira, mphira wake ndi wofewa dala kuti uzigwira pamsewu woundana, ndipo kwawoko amawachotsa kukangoyamba kufunda. Ife tinkawayendetsa paphula loti n'kusupula phazi, atasenza anthu ndi mpunga. Ndinawerenganso kuti timanambala tina ta m'mbali timanena chaka chimene tayala linapangidwa. Ndinabwerera, ndinalavulira pachala n'kupukuta fumbi, tayala lililonse palokha. Anawapanga ine ndisanalembe n'komwe mayeso a fomu folo. Pansi pa mizere yokongola ija panali timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe.

Ndinawerenga mpaka bandulo inatha. Ndinaona kuti kumene galimotozi zimachokera, zikapezeka ndi vuto opanga amaziitanitsa, amafunafuna mwini wake, amakonza ulere, nthawi zina amakokeredwa kukhoti. Galimoto yomweyo ikangowoloka nyanja yamchere imasanduka mwana wamasiye. Ndinalembera kampani imene inagulitsa, m'Chingerezi changa cha ku koleji, ndinatumiza ndi chithunzi cha mutu wa mwana. Anayankha msanga, mwaulemu kwambiri, kuti galimoto zawo amagulitsa mmene zilili, ndipo m'munsi mwake anaikamo zithunzi za galimoto zina zimene zatsika mtengo. Opanga galimoto ndi opanga matayala sanayankhe n'komwe. Mwina iwo angati tayala lawo linali labwino pamalo pake, ndipo sindingawatsutse. Koma wina anakweza galimotoyo m'sitima yobwera kuno akuona sinowo ali pamatayala. Wina anaitsitsa padoko, wina anaidinda paboda, wina anapima matayala omwewo kangapo konse pa galimoto zosiyanasiyana n'kumasainira. Aliyense anagwira pake n'kusamba m'manja, ndipo ena mwa madziwo ndinatunga ndine.

Ndinapita kwa alamu akutsuka galimoto. Ndinagwada, zimene sindinkachita kwa iwo, kuti aone kuti sindinabwerere nthabwala. Ndinawafotokozera zonse, ndinawaonetsa foni.

"Ndiye mwati matayala anga akumva kutentha, mkazi wanga?" anatero. "Tiwagulire ambulera?"

Anzawo amene anali pamenepo anaseka. Ndinati sindikucheza, alamu, mwana anatsala pang'ono kufa. Alamu anati nawonso anali m'galimotomo, kapena ndaiwala, n'kundionetsa chipsera pachigongono. Kenako anauza anzawo aja kuti mkazi wa ku koleji wasowa ana owaphunzitsa, tsopano wayamba kuphunzitsa matayala kuwerenga. Ndinayesanso tsiku lina, ndi linanso. Ndikakwiya ankati chilamu chakoma lero. Ndikalira ankati ndasowa mng'ono wawo, ndipo iwo alipo, angathe kugwirizira udindo. Apa m'pamene ndinauona msampha wake. Munthu yekhayo amene ndinkaloledwa kumunena chilichonse ndiye amene sakanamva chochokera pakamwa panga ngati mawu enieni.

Amuna anga pafoni anati akumva, ndipo mwina ndikunena zoona, koma sangauze akulu awo zochita ndi galimoto yawo pamene iwo alibe ngakhale njinga yamoto. Apongozi anati mantha a ngozi amatha okha, ndizingodya ndi kupemphera, mkaka wa nkhawa suleretsa mwana. Mwanayo anali atasiya kale kuyamwa, koma sindinawakumbutse.

Kenako anthu anatentha dambo la kuseri kwathu. Utsi unadzaza m'nyumba, ndipo pofika masana mwana ankakoka mpweya mpaka pakhosi pakulowa m'kati. Ndinamupopera, sizinathandize. Ndinamubereka n'kukaima pamsewu kudikira galimoto ina iliyonse. Zinadutsa zodzaza, madalaivala akungotembenuza dzanja kuti malo mulibe. Milomo ya mwana itayamba kuda ndinabwerera kunyumba chothamanga. Alamu anangotsegula chitseko, ndipo apa ndiwayamikire, sanaime kutola munthu panjira. Anathamanga. Kuthamangako ndiko kunali koopsa. Ndinakhala pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo, ndikulimva likulira pansi panga paphula lotentha, dzanja lina pachifuwa cha mwana, lina litakakamira chitseko mpaka chikhadabo kuthyoka. Sindinadziwe chopempha, kuti achepetse liwiro kapena awonjezere. Tinadutsa munda wa chinangwa uja, mitengo yake yothyoka isanaphukirenso. Titafika, anamwino atamulandira mwana, ndinazungulira kuseri kwa wodi n'kusanza. Ndinanyansidwa nane mwini. Ndinali nditakweza mwana wanga pachinthu chimene ndikuchidziwa bwino lomwe, ndipo pobwerera ndinati zikomo kwambiri, alamu.

Mkazi wa chitengwa akafuna kuti mawu ake alemere, njira ndi imodzi. Ndinaimbira amalume, amene ndi ankhoswe a mbali yathu, n'kuwauza kuti pabanja pali nkhani. Anafunsa ngati amuna anga andimenya, kapena apeza wina ku Dwangwa. Ndinati ayi, ndi matayala. Kenako anafunsa ngati ndikugona bwino masiku ano. Ndinawauza kuti akapanda kubwera nditenga mwana ndibwerere kwathu, kumene chipatala n'chofikirika poyenda pansi, ukwati utsale ndi eni ake. Ndinkanena zoona, ndipo anazimva m'mawu anga.

Anakhala pakhonde la apongozi: amalume, ankhoswe a kuchimuna, amuna anga amene anachita kupempha tchuthi, ndi alamu atavala mkanjo woyera. Ine pamkeka. Galimoto inali poteropo, aliyense akuiona, koma palibe anadzuka kukayang'ana tayala. Ndinapempha kuti ndiwaonetse timanambala tija. Ankhoswe a kuchimuna anati sitinabwere kudzaweruza mphira, tabwera kudzamanga banja. Nkhani inakhotera pomwepo. Anakamba za ulemu. Anakamba za mkazi amene amadikira kuti amuna apite kukaswali kumzikiti, iye n'kukanjuta pagalimoto ya alamu ake, kulavulira pachala n'kumapaka wilo lililonse, anthu akumuona pampanda. Anati iwo sakunena kanthu, koma pamudzi pakumveka kale kuti ngozi ija inali ndi dzanja la munthu, ndiye mwana wa eni ake azisamala pokhala. Sindinaganizepo kuti kupukuta fumbi kungaoneke motero.

Alamu sanaseke tsiku limenelo, ndipo nkhope yawo yopanda nthabwala inali yachilendo kwa ine. Anati mwanayu amamutenga ngati wawo, anamuthamangitsira kuchipatala osafunsa za mafuta, lero akhazikidwa pabwalo ngati wakupha.

"Mukanandiuza bwinobwino, mlamu," anatero. "Inetu ndine munthu."

"Ndinakuuzani nditagwada, alamu. Munaseka."

Amalume anandiponyera diso loti nditseke pakamwa. Amuna anga ankayang'ana zala zawo za kumapazi ngati angozigula kumene.

Chigamulo chinali chakuti ine ndipepese kwa alamu ndi kwa apongozi chifukwa chokuza nkhani yaing'ono, ndipo alamu, mwa kukoma mtima kwawo, asinthe matayala kuti mtima wa mayi wa mwana ukhale pansi. Osati chifukwa matayalawo ali ndi vuto. Mawu amenewo anawabwereza kuti onse amve. Ndinayenda chogwada mpaka pamapazi awo n'kupepesa. Akanandiuza kuti ndipepesenso kwa galimotoyo ndikanatero. Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, koma m'kamwa munali ngati ndatafuna chinangwa chowawa.

Anasinthadi. Akale aja sanawataye, poti ndani angataye matayala a mizere yotero? Anagula ndi bambo wina amene amanyamula amayi a geni kupita nawo kumsika. Ndimaiona galimoto yake ikudutsa, madengu ali pamwamba. Ndinamuimitsa kamodzi n'kumuuza. Anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza, n'kunena kuti anamva kale za ine. Sindinamuimitsenso. Ena mwa amayi okwera mmenemo amakhala atabereka ana, ndipo ndikamva kulira kwa injini yake ndimapeza chochita m'nyumba.

Chilamu chinathera pakhonde paja. Alamu tsopano amandipatsa moni wa mwadzuka bwanji mayi, ngati mlendo wochokera kuofesi, ndipo pakhomo pano palibenso amene ndimaseka naye. Akazi awo ndikadutsa pafupi ndi galimoto amasiya chimene akuchita n'kundiyang'ana mpaka ndidutse.

Matayala atsopanowo si atsopano. Anawagula pamulu wa akaunjika ku boma, opakidwa polishi wakuda kuti awale. Tsiku limene ankawamanga ndinaima pakhomo la khitchini, patali poti manambala sangawerengeke, ndipo mpaka lero sindinayandikire. Ankhoswe saitanidwa kawiri pankhani ya mphira, ndipo ine sindingaonekenso nditanjuta pambali pa galimoto imeneyo. Ngakhale nditawerenga, ndikauza ndani? Sabata yatha kachifuwa kanayambanso. Ndinamukulunga mwana, alamu anatsegula chitseko, ndipo ndinakwera maso ali pankhope ya mwanayo, osawatsitsa pansi.